Wotsogola, wotsogozedwa ndi wotsogolera

Amalume anga anabwerera kumudzi tsitsi litayera kale, atatha zaka zoposa 30 kunja. Ife tinkangoti ali ku Halale, koma mzinda wa Harare iwo ankangoudutsa. Moyo wawo unathera m'mapulazi a fodya a kufupi ndi Bindura, m'chigawo cha Mashonaland Central. Pulazi ndi chomwe kwathu kuno timati esiteti. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa, ine nditavala malaya olembedwalembedwa amene anatigawira ku maphunziro ena m'tauni. Anandifunsa komwe ndinasowera sabata yonse. Ndinati ndinali ku maphunziro a utsogoleri.

Anaika mpeni pansi. "Utsogoleri masiku ano akuchita kuphunzitsa ngati utelala?" Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Mphwanga, ine ndakhala kapitawo zaka zambirimbiri. M'mawa uliwonse chitsulo chikalira, anthu ankandondozana pambuyo panga kupita kumunda. Koma ndinganame nditati ndinatsogolerapo munthu. Ine anachita kunditsogoza."

Anatolanso mpeni wawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndi amene sinandithere.

Mawu onsewa tsinde lawo ndi limodzi, lomwe lija lili mu "tsogolo". Kutsogola ndi ntchito ya miyendo basi. Mnzako akamachedwa kumanga nsapato amati, "Tsogolani, ndikupezani." Munthu akamwalira timati watsogola, poti njirayo tonse tidzaiponda. Wotsogola alibe mangawa ndi amene ali m'mbuyo. Akhoza kufika, n'kudya, n'kugona, anzake akadali kutsidya kwa mtsinje. Kutsogoza ndiye kuika munthu kapena chinthu patsogolo pako. Timatsogoza ng'ombe popita kudambo. Timatsogoza mwana ndi tochi usiku. Munthu wosusuka timati watsogoza mimba. Pa kutsogoza, mwini ulendo ndi amene ali m'mbuyo: wapatsogoloyo akungopita kumene akumulozera.

Ndiye pali kutsogolera. Apa palowa kachidutswa kakang'ono, ka "er" kapena "ir", kamene Chichewa chimalowetsa m'mneni pofuna kunena kuti ntchitoyi ikuchitikira wina. Kuphika, kuphikira. Kulima, kulimira. Kutunga madzi, kutungira agogo madzi. Kutsogola, kutsogolera. Aliyense amene anakulira kumudzi amaidziwa njira ya kumunda mwezi wa February, udzu utafika m'chiuno, dzuwa lisanatuluke. Anthu amayenda mondondozana chifukwa njirayo ndi ya phazi limodzi. Wapatsogolo ndiye amakutumula mame, buluku lake limanyowa mpaka m'ntchafu, ulusi wa kangaude umam'mata kumaso, ndipo njoka ikagona panjira amayamba kuiona ndi iye. Am'mbuyo amadutsa pouma. Uko ndiye kutsogolera. Ndipo taonani kuti popanga dzina la munthu wake, monga tinapangira mlimi, msodzi ndi mphunzitsi, sitinatenge mneni wopanda kachidutswa kaja. Simudzamva munthu akuti "mtsogoli". Timati mtsogoleri, anthu owatsogolerawo ali m'kati mwa dzina lenilenilo.

Udindo umene amalume anali nawo dzina lake linali lina. Mawu oti kapitawo si obadwa nawo. Anakwera ndi mtsinje wa Zambezi kuchokera kwa Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena, amene amati capitão, ndipo iwonso anawatenga ku Chilatini, caput, kutanthauza mutu. Kaputeni wa timu ya mpira ndi m'bale wake wa kapitawo. Tsono mutu si chinthu choipa, koma funso n'lakuti waikidwa pa thupi la yani, ndipo wauikapo ndani. M'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu nthawi ya thangata, kapitawo anali mutu umene mzungu anauika pa thupi la anthu ena. Anthu atawoloka kupita ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, anakapeza munthu yemweyo ali ndi maina ena, foromani kapena basiboyi, koma pakati pawo ambiri anapitiriza kumutchula monga ankamutchulira kwawo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikamaona mawu amene anatengera anthu athu kumapulaziko: onse ndi mawu okoma. Kuthangata kunali kuthandiza mnansi kumunda, iye n'kukuphikira nsima kapena kukufululira mowa. Atsamunda anawasandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinautsa mkwiyo wa John Chilembwe mu January 1915, anthu ake atalowera ku Magomero. Bungwe limene boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa mu 1946 kuti lizilemba anthu ntchito, la Rhodesia Native Labour Supply Commission, kwathu linkadziwika kuti Mthandizi. Malole amene ankanyamula anthu osalipira kuwapititsa kumene kunali ntchito ankatchedwa Ulere. Thangata, Mthandizi, Ulere. Munthu wosadziwa angaganize kuti ndi maina a mabungwe achifundo a mpingo. Ambiri mwa okwera malolewo sanabwererenso, ndipo kumudzi anawapatsa dzina la matchona, kuchokera ku kutchona, kukhalitsa kwa eni mpaka kwanu kukuiwala.

Mphamvu ya kapitawo inali pa tikiti. Amalume ankafotokoza akujambula ndi chala pansi: kakhadi ka mabokosi 30, bokosi lililonse tsiku limodzi. M'mawa akupimira mgwazo wako, mizere yakutiyakuti yopalira kapena yothyola fodya. Ukamaliza, tikiti ichongedwa. Ukalephera, ngakhale utatsala ndi mzere umodzi dzuwa likulowa, tsikulo lapita mwaulere, ndipo mwezi wako utalika. Phoso, ufa ndi nyemba ndi mchere, ankagawira amene tikiti yake ikuyenda. Lamulo la Masters and Servants Act la 1901, limene linalamulira antchito a m'mapulazi mpaka dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu mu 1980, linkaona kuthawa ntchito ngati mlandu wopita nawo kukhoti. Blair Rutherford, katswiri wa ku Canada amene anakhala pakati pa antchito a m'mapulazi a ku Hurungwe m'zaka za m'ma 1990, anautcha ulamuliro umenewu dzina limene m'Chichewa tingati boma la pakhomo: mwini pulazi ndiye mfumu, ndiye woweruza, ndiye mwini sitolo, mwini nyumba imene ukugona, ndipo ngakhale mlendo wako sangagone m'komboni iye asanalole. M'boma lotero munthu wapatsogolo aliyense ndi wotsogozedwa.

Komatu si kuti m'komboni munalibe atsogoleri. Kungoti ankapezeka kumene mwini pulazi sankayang'anako.

Tiyeni titenge mawu ena, oti msonkhano. Kusonkha ndi kubweretsa pamodzi zinthu zimene zinali padera. Mayi akamasonkha moto amakankhira zikuni zitatu pakati pa mafuwa kuti mitu yake ikumane, chifukwa chikuni chili chokha chimangofuka n'kuzima. Pamaliro timasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama. Anthu akabwera pamodzi timati asonkhana, ndiye msonkhanowo. Kukoleza zinthu zimene zayamba kale timati kusonkhezera. Koma pa tsinde lomwelo panamera msonkho, umene atsamunda anayamba kutolera ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890, ndipo ndi umene unathamangitsa anyamata ambiri m'midzi kuti akasake ndalama kudzera ku Tete mpaka ku Mutoko ndi Mount Darwin. Msonkho unawamwaza, kusonkha kunakawasonkhanitsa. Munthu akafera kutali ndi kwawo, wopanda mbumba, wopanda adzukulu a m'mudzi mwake, pankafunika wina woyenda khomo ndi khomo m'komboni ndi mbale, wina wosunga kabuku ka amene apereka, wina wokapempha matabwa a bokosi, wina wokalankhula ndi bwana kuti alole anthu aweruke msanga akaike mnzawo. M'menemo ndi mmene munabadwira mabungwe a maliro. Onjezanipo dambwe la gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, ndi magulu a beni okhala ndi maudindo awoawo, mipingo ndi mizikiti ya Ayao. Kumeneko anthu anaphunzira kumema anzawo, kusunga ndalama za gulu, kusunga chinsinsi ndi kuweruza milandu popanda kukanena kuofesi. Palibe amene ankapereka satifiketi.

Luso lomwelo nthawi zina linkatulukira poyera. Mu 1927 antchito oposa 3,000 a pa mgodi wa golide wa Shamva, womwe uli pakati pa mapulazi omwewa, ananyanyala ntchito, ndipo amene anali patsogolo ambiri anali ochokera ku Nyasaland. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay anagwirapo ukalaliki pa mgodi womwewo asanapitirire ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU. Mnzake Robert Sambo, amene anayesa kudzala bungwelo ku Bulawayo, boma linamupitikitsa m'dzikomo mu 1927. Anthu a kwathu anatchuka kuti ndi antchito ofatsa, koma akaundula a boma la atsamunda ali ndi maina awo ambiri pa mndandanda wa osokoneza.

Tsopano tifike pa zimene amalume ankaseka zija. Atolankhani athu akamalemba za maphunziro oterewa amakonda kunena kuti bungwe lakutilakuti "lasula" mafumu kapena achinyamata. Ndimawakonda mawu amenewa kuposa oti kuphunzitsa. Kusula ndi ntchito ya pa chipala: moto, mvukuto, nyundo. Wosula sapanga chitsulo, amachipeza. Amatenga chimene chilipo kale, kaya ndi chidutswa cha sipuling'i ya galimoto, n'kuchiotcha, n'kuchimenya mpaka chikhale nkhwangwa kapena kasemasema. Akapatsidwa dothi sangatulutse mpeni. Ngati maphunziro a utsogoleri anaphula kanthu m'mapulazi a ku Mashonaland, n'chifukwa choti chitsulo chinalipo: mayi uja wosunga kabuku ka maliro, mkulu uja woweruza milandu ya m'komboni.

Zipala zake zinalipo zingapo. Ku Chishawasha, kunja pang'ono kwa Harare, wansembe wa chipani cha Ajezuiti John Dove anatsegula Silveira House mu 1964, malo amene kwa zaka zambiri anasula atsogoleri a mabungwe a antchito, a magulu a alimi ndi a achinyamata. Ufulu utabwera mu 1980, boma latsopano linaika malipiro ochepetsetsa ndipo linalimbikitsa kuti pamalo pa ntchito pakhale makomiti a antchito. M'zaka za m'ma 1980 momwemo munakula bungwe la antchito a m'minda la General Agriculture and Plantation Workers' Union of Zimbabwe, limene aliyense amangoti GAPWUZ. Ndipo mu 1981 bungwe la Save the Children la ku Britain linayamba ntchito m'mapulazi a ku Bindura, polowera pa khomo la zaumoyo. Pulazi iliyonse yovomera inkatumiza munthu, kawirikawiri mayi, kukaphunzira za matenda a ana, zakudya, madzi ndi zimbudzi za Blair, zija zokhala ndi paipi yotulutsa fungo ndi kukola ntchentche. Akabwerako ankatsegula sukulu ya mkaka pansi pa mtengo kapena m'shedi. Pambuyo pake kunabwera makomiti a chitukuko cha papulazi, ndipo mu 1996 ntchitoyo inabala bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe.

Wina angati zimbudzi ndi phala la ana si utsogoleri. Koma ganizirani kuti pulazi inali malo a mwini, ndipo wolowamo popanda chilolezo ankatha kumangidwa. Munthu wa bungwe la antchito ankabwezedwa pageti; namwino ankaloledwa. Tsono mayi amene waphunzira kuyeza ana pa sikelo, n'kulemba kuti mwa ana akutiakuti angapo akunyentchera, waphunziranso kunyamula pepala kupita nalo kuofesi ndi kunena kuti mjigo wafa. Ameneyo wayamba kale kukutumula mame.

Njira imene ambiri osula anthu m'chigawo chino cha Africa anatsata ili m'mabuku a Anne Hope ndi Sally Timmel otchedwa Training for Transformation, amene anasindikizidwa ndi Mambo Press ku Gweru mu 1984, potsata maganizo a mphunzitsi wa ku Brazil, Paulo Freire. Amene anakhalapo pa maphunziro otere amadziwa mmene zimayendera. Anthu akhala mozungulira, osati m'mizere. Wotsogolera zokambirana saima pabolodi kuti ayambe kulalikira. Amaonetsa chithunzi, kapena anthu awiri atatu achita kasewero kosafika mphindi zisanu: mayi akusankha fodya m'shedi, mwana ali kumsana akutsokomola ndi fumbi, kapitawo akuloza wotchi. Kenaka afunsa kuti mwaonapo chiyani. Anthu ayamba ndi kuseka, poti wosewera ukapitawoyo watengera ndendende kayendedwe ka kapitawo weniweni. Afunsanso ngati zoterezi zimachitika kuno. Apa kuseka kumatha. Chifukwa chiyani mwana ali m'shedi? Palibe womusiyira. Chifukwa chiyani? Mayiyo ndi wa sizoni, akajomba tsiku limodzi malo ake atenga wina. Chifukwa chiyani wakhala wa sizoni zaka zisanu ndi ziwiri pa pulazi imodzi? Funso limeneli likagwa pamakhala kachetechete, ndipo mphunzitsi wabwino amadziwa kuluma lilime, osathamangira kuyankha yekha. Womaliza ndi funso loti nanga tichitepo chiyani, ndani apite, liti, ndipo apite ndi yani.

Zotsalazo ndi zida za m'manja: kuwerenga pepala la malipiro n'kuona pamene adula ngongole ya kusitolo kawiri, kudziwa zimene pangano la malipiro a chaka chimenecho likunena, kulemba dandaulo lokhala ndi tsiku ndi mboni, kulemba zimene mwagwirizana pamsonkhano kuti mawa wina asakane. Ndi lamulo limodzi limene akuluakulu a mabungwe a maliro ankalidziwa kale asanabwere aphunzitsi: kuofesi ya bwana sapitako munthu mmodzi.

Vuto linali pa kusankha wopita ku chipalako. Mwini pulazi ndiye ankapereka tchuthi, nthawi zina ndi galimoto yomwe. Ndiye ankatumiza yani? Si kawirikawiri kuti atumize munthu wovuta. M'malo ambiri komiti ya antchito inkadzaza ndi akapitawo, makalaliki ndi madalaivala a thalakitala, amuna okhaokha olembedwa ntchito yokhazikika, pamene amayi a sizoni, amene madandaulo awo anali aakulu koposa, ankamvera panja. Kapitawo wapita ku maphunziro, wabwerako ali wapampando. Mawu amenewanso ngoseketsa mukawayang'anitsitsa. Mtsogoleri ndi dzina la miyendo, wapampando ndi dzina la matako. Takhala ndi makomiti ambiri, kuno ndi uko komwe, amene anasankha munthu woti ayende iye n'kumva kuti amusankha kuti akhale.

Ntchito yolankhulira anthu ena, imene mabungwe amaitcha ndi mawu a Chingerezi ovuta kumasulira, ife tili nayo ndi mawu angapo, ndipo onse ali ndi kachidutswa kaja. Kulankhula, kulankhulira. Kuima, kuimira. Kumenya, kumenyera ufulu. Pabwalo la milandu kumudzi munthu sadzinenera yekha. Amalankhuliridwa ndi mwini mbumba, ndipo pa ukwati amaimiridwa ndi ankhoswe. Ngakhale phungu, dzina limene lero timapatsa munthu wa ku Nyumba ya Malamulo, poyamba anali uja woyang'anira namwali m'tsimba, womugwira dzanja ndi kumuyankhira pamene iye sakuloledwa kutsegula pakamwa. Ndi maudindo aulemu. Koma kachidutswa ka "er" kali ndi mbali ina yakuthwa. Kamanena kuti ntchito yachitikira wina, koma sikanena ngati yamukomera. "Wandiphikira nsima" ndi "wandithyolera khasu" n'zomangidwa mofanana. Kudya kukalandira kachidutswako kumakhala kudyera, ndipo m'menemo ndi mmene munatuluka dyera, ndi kudyera anzako masuku pamutu. Wokulankhulira akhoza kukulanda pakamwa. Ndawaonapo ndi maso anga anthu amene amayenda maphunziro ndi maphunziro, sabata ino za ufulu wa amayi, sabata yamawa za nyengo, akuwerengera alawansi, kumudzi kwawo osaitanitsapo msonkhano ngakhale umodzi. Inenso malaya aja ndinavala pakhonde pa amalume sindikumbuka kuti ndinawagwirira ntchito yanji.

Antchito a m'mapulazi a ku Zimbabwe analankhuliridwa kwambiri, mwina kuposa anthu ena onse m'dzikomo. Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sankaponya nawo voti yosankha makhansala a m'madera awo, poti sanali eni malo olipira msonkho. Mwini pulazi ndiye ankati akuwaimira. Mu 1997 anadzilankhulira okha: ananyanyala ntchito m'madera ambiri, kutseka misewu, kufuna malipiro okwera, ndipo dziko linadabwa kuti anthu aja amatha kukwiya. Koma patangopita zaka zitatu zinthu zinatembenuka. Mu February 2000 boma linagonja pa riferendamu ya malamulo oyendetsera dziko, ndipo posakhalitsa kulanda mapulazi kunayamba, nyengo imene Azimbabwe amaitcha jambanja. Apa antchito anatsogozedwa mbali zonse ziwiri. Eni mapulazi ena ankawakweza m'malole kupita nawo ku misonkhano ya chipani chotsutsa cha MDC. Olanda malo nawo ankawasonkhanitsa ku michezo ya usiku wonse, imene kumeneko amati pungwe, kukaimba nyimbo za chipani cholamula, ndipo ambiri anamenyedwa. Uyu akuti ndi anthu anga, uyo akuti ndi anthu a mzungu.

Kuti nkhani ya malo inayenera kukonzedwa palibe angatsutse. Alimi achizungu pafupifupi 4,500 anali ndi gawo lalikulu la nthaka yabwino ya dziko lonse. Koma kafukufuku amene Lloyd Sachikonye anachitira Farm Community Trust mu 2003 anapeza kuti mwa antchito oposa 300,000 amene analipo kale, pafupifupi 200,000 anali atataya ntchito, ndipo amene analandira malo sanafike 5 pa 100 alionse. Kwa amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia panagwanso china. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, munthu anayenera kukana mwalamulo unzika wa dziko lina limene akanatha kukhala nalo, ngakhale sanapondeko phazi. Ambiri a m'komboni sanamve n'komwe za lamulolo mpaka nthawi itatha. Zitupa zawo zinali ndi chilembo cha A, kutanthauza mlendo, ndipo pa chisankho cha 2002 ambiri anabwezedwa.

Maina owanyoza analipo kale: mabhurandaya, kuchokera ku Blantyre, ndi manyasarandi, kuchokera ku Nyasaland. Robert Mugabe anawonjezapo lina pamene ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo. Mutupo ndi chimene ife timati mfunda kapena chiwongo. Kunena a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe kuti alibe mfunda ndi nthabwala yoti anthu a kwathu akanaseka, pakanapanda kuti inkatanthauza kuti alibe mudzi wokapemphako malo. Dziko lomwelo linkavina nyimbo za Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968 m'banja la bambo wochokera ku Malawi. M'mawu athu oti nzika mumamveka kuzika, monga mtengo uzika mizu, kapena monga tizika nsanamira ya nyumba. Anthuwa anali atazika michombo ya ana awo ndi mafupa a makolo awo m'nthaka ya Mazowe, Mvurwi, Banket ndi Marondera kwa mibadwo itatu. Chitupa chokha ndicho chinkakana.

Pamenepa ndi pamene zinaoneka kuti chitsulo chosulidwa ndi chiti. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Gertrude Hambira, amene anali mlembi wamkulu wa GAPWUZ, anatsogolera bungwe lake kusonkhanitsa umboni wa nkhanza zimene antchito anakumana nazo, ndipo mu 2009 anatulutsa lipoti ndi kanema wotchedwa House of Justice. Mu February 2010 apolisi analowerera maofesi a bungwelo ku Harare, ndipo mayiyo anathawa m'dzikomo. Mabungwe a antchito, a mipingo ndi a maloya anapitiriza kukankha nkhani ya unzika, ndipo malamulo atsopano oyendetsera dziko a 2013, pa ndime 43, anavomereza kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye akukhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Zinalembedwa. Koma lamulo silidziyendera lokha kukafika m'komboni. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linapezabe anthu ambirimbiri, zidzukulu za matchona zili m'gulumo, opanda chikalata chilichonse: mayi alibe chitupa, choncho mwana alibe kalata ya kubadwa, choncho zimavuta kuti alembe mayeso, ndipo nayenso akadzabala nkhani ndi yomweyo.

Komboni za lero si za nthawi ya amalume. Pulazi imene inali ya munthu mmodzi inagawidwa kwa alimi ambiri, ena a timinda ta A1, ena a minda ikuluikulu ya A2. Chitsulo cha m'mawa chinasiya kulira m'malo ambiri. Anthu akukhalabe m'nyumba zakale zija, akuyenda maricho, amene ife timati ganyu, lero kwa uyu mawa kwa uyo, ena akukumba golide m'mphepete mwa mtsinje wa Mazowe. Zimene anaphunzira zokhudza kukambirana ndi bwana mmodzi pa tebulo limodzi zinatha ntchito, poti mabwana achuluka ndipo tebulo palibe. Chimene chatsala ndi luso lakale lija la mbale ndi kabuku.

Amalume anatsogola zaka zingapo zapitazo, tinawaika kwathu. Koma mwana wawo wamkazi, msuweni wanga wobadwira papulazi, anakana kubwera nawo. Anati kwawo ndi komweko. Ali mtsikana ndi mmodzi mwa amene anatumizidwa kukaphunzira zoyeza ana pa sikelo. Sukulu ya mkaka ija inatha kalekale, malipiro ake anatha nayo limodzi, ndipo alibe udindo uliwonse wokhala ndi dzina. Ndikamufunsa chimene amachita masiku ano amati amangoperekeza anthu. Kuperekeza n'kochokera ku kupereka: umayenda ndi munthu mpaka pamene ukamusiye m'manja mwa njira kapena mwa eni ake, ndipo kumudzi mlendo wosaperekezedwa amadziwa kuti sanalandiridwe. Iye amadziwa mapepala amene amafunika, mboni zoyenera kutenga, khomo loyambira kugogoda, ndi mawu a Chishona oyenera kuyankha pamene nkhalamba yolankhula Chichewa chokhachokha yachita mantha pa windo.

Mwezi wathawu ananditumizira mawu pa WhatsApp, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona, kumbuyo kukumveka nkhuku. Anati pali agogo ena oyandikana nawo nyumba, mwamuna wawo anali wa ku Dedza, ndipo zidzukulu zawo ziwiri zikufunika makalata zisanafike kalasi ya mayeso. Asonkherana kale ya basi m'bungwe lawo la maliro. "Asuweni," anatero, "mundifunsireko kwa azakhali ngati akuudziwa mudzi wina kufupi ndi Linthipe, ndikutumizirani dzina lake, ndi mfumu yaikulu ya kumeneko. Muyankhe lero lomwe. Tinyamuka mawa 4 koloko m'bandakucha, basi yoyamba imadutsa pamsewu waukulu kusanache, ndipo agogowa sayenda msanga."